CAN pa tomato wa pakhomo: ndi wabwino, koma payekha sakwanira

Pa feteleza wobereketsa amene ndagwiritsapo ntchito pa tomato, CAN (Calcium Ammonium Nitrate) ndiye ndingamuvomereze. Ali ndi nayitrojeni pafupifupi 27 peresenti, pamene Urea ali ndi 46, n'chifukwa chake CAN sawotcha mizu msanga dzanja likalemera pang'ono. Sawawasitsanso nthaka ngati Urea. Pakatha sabata imodzi mutathira, masamba amene anayamba chikasu amabiriwira ndipo tsinde limanenepa.

Kathiridwe kake nkofunika kusamala. Dikirani masabata atatu mutawokera mbande. Thirirani kaye kuti nthaka ikhale yonyowa, kenako boolani kadzenje ndi kamtengo, masentimita 10 kuchokera pa tsinde, kuya kwake masentimita 5. Ikanimo magalamu 5, kukwirira, n'kuthiriranso. Bwerezani pakatha masabata atatu, maluwa akamayamba, ndipo kachitatu zipatso zoyamba zikafika ngati dzira la nkhunda. Pa mapando 40 ndiye kuti magalamu 200 ulendo uliwonse, choncho paketi ya kilogalamu imodzi ikukwanirani. Musalole timibulu tigwere pamasamba onyowa, timasiya zipsera.

Chimene ambiri sadziwa n'choti CAN alibe fosifolasi kapena potaziyamu. Ngati simunaike D Compound (feteleza wokulitsa amene ali ndi michere iwiriyi) ndi manyowa owola bwino m'phando powokera, tomato adzakula masamba okhaokha, maluwa n'kumayoyoka, zipatso zochepazo n'kukhala zofewa zosachedwa kuwola. Kuwonjezera CAN pamenepo kumangokulitsa vutolo.

Ena amamugula pofuna kuthana ndi kuda kwa kunsi kwa chipatso, poti ali ndi kashiamu. Amathandizako, koma osati kwenikweni. Vutoli limabwera kwambiri chifukwa cha kathiriridwe kodumphadumpha: lero madzi ambiri, masiku atatu osathirira, makamaka mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo. Nthaka ikauma, mizu siitha kukweza kashiamuyo kufika ku chipatso ngakhale alimo wambiri. Thirirani mofanana ndipo phimbirani ndi udzu wouma.

Chondidandaulitsa ndi kasungidwe. CAN amakoka chinyontho kwambiri. Paketi ikakhala yotsegula nthawi ya dzinja amanyowa, kenako n'kuumbana miyala yovuta kuyeza. Mukagula wopimitsa pamsika, yang'anani kuti timibulu tikhale touma, tosamatirira m'manja. Wotsala muikeni m'chigubu chotseka bwino, osati pansi pasimenti.