Batire la lithium pa boti n'labwino, koma musaligule popanda kamita kake

Ndimakhala ku Chilomoni ndipo ntchito ndimagwira m'tauni muno, koma kwathu ndi ku Mangochi, komwe ine ndi mlamu wanga tili ndi kaboti kowedzera pa nyanja ya Malombe. Mizere ya petulo itatitopetsa tinagula injini yaing'ono ya magetsi ya 12V, ija amailemba kuti 55 lb, kutanthauza mphamvu yake yokankhira boti. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4, la 100Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire limasunga), ndinaligula m'sitolo ina ku Limbe pamodzi ndi tchaja yake ya 20A. Papita miyezi isanu ndi itatu tsopano.

Choyamba chimene mumamva ndi kupepuka. Batire la asidi la 100Ah limayandikira makilogalamu 30, ndipo kulikweza m'boti timachita kugwirizana awiri. Ili silifika makilogalamu 13, ndimalinyamula ndi dzanja limodzi. Komanso la asidi amati osalitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, pamene ili timalidya pafupifupi lonse, injini osafooka mpaka kumapeto.

Kusafookako ndi kumene kunatigwetsa m'mavuto.

Batire la asidi limakuchenjezani. Likamatha, mavolti amatsika pang'onopang'ono, injini nayo imayamba kulira mwaulesi, munthu n'kudziwa kuti tiyeni kumtunda. La lithium silitero. Limakhala pa mavolti 13.2 kapena 13.3 kwa nthawi yaitali kwambiri, kaya latsala ndi zambiri kaya latsala pang'ono, kenako limagwa mwadzidzidzi ndipo BMS, kabolodi kam'kati koteteza maselo ake anayi aja, kamangodula magetsi. Mu Julayi zinatichitikira tili pakati pa madzi, mwera utayamba kale. Kamita ka mavolti kanali kakuonetsa 13 mphindi zochepa m'mbuyomo. Injini inangoti zii. Tinapalasa ndi nkhafi kwa ola lathunthu ndi theka, madzi akulowa m'boti, mwana wa mlamu wanga wa zaka khumi ali momwemo. Ndikakumbukira tsikulo mtima umandipwetekabe, chifukwa wogulitsa akanangondiuza chinthu chimodzi ichi sindikanatuluka m'sitolomo wopanda kamita koyenera.

Nditabwerera ku Blantyre ndinagula kamita ka shunt, kachitsulo komwe magetsi amadutsiramo kuti ayezedwe. Aka sikadalira mavolti. Kamamangidwa ku waya wa negetivi ndipo kamawerenga ma ampu onse olowa ndi otuluka, n'kumaonetsa pa foni kudzera pa Bluetooth kuti mwatsala maperesenti angati komanso maola angati pa liwiro limene mukuyendalo. Apa ndi pamene ndinaona ndi maso anga kuti injiniyi ikatsegulidwa yonse imakoka pafupifupi 50A, kutanthauza kuti batire lonse latha m'maola awiri okha. Tikaichepetsa kufika pakatikati imakoka osafika theka la zimenezo, ndipo boti silichedwa kwenikweni. Masiku ano lamulo lathu ndi lakuti batire likafika 40 peresenti, mutu wa boti uloze kugombe, kaya chambo chikudya kaya ayi.

Kamitaka kali ndi zake zofuna. Mawaya onse a negetivi, ngakhale a tchaja ndi a nyali, ayenera kudutsira pa shunt. Mukalumikiza umodzi ku batire mwachindunji, kawerengedwe konse kasokonekera. Ife tinalakwitsa pamenepa mpaka mmisiri wina wa masola ku Ndirande anatikonzera. Ndiponso kamafuna kuti batire lizidzaza kwathunthu kawirikawiri kuti kadziwenso pamene pali 100, apo ayi manambala ake amayamba kusochera pang'onopang'ono. Kapepala ka malangizo n'kachingerezi cha tizilembo ting'onoting'ono, ndipo mfundo imeneyi anaibisa kumapeto.

Tchaja ilibe vuto lalikulu. Imakweza batire mpaka cha m'ma 14.4V n'kusiya yokha, ndipo kuchoka popanda kanthu imatenga maola asanu ndi pang'ono. Magetsi akathima pakati, akabwera imapitiriza bwinobwino. Koma si ya m'madzi ayi, choncho timatchajira m'nyumba, pasimenti, kutali ndi makatani ndi zigubu za mafuta, ndipo sindilisiya pa tchaja tikamagona. Tchaja yakale ya batire la galimoto musaiyese, makamaka ija ili ndi batani lotsitsimutsira mabatire a asidi, chifukwa imakweza mavolti kupitirira malire a lithium. Kumudzi timagwiritsa ntchito sola ya 200W yokhala ndi kontirola ya MPPT, yolamulira magetsi ochoka ku sola kupita ku batire, yoikidwa pa lithium, ndipo dzuwa la ku Mangochi limabwezera zimene tadya m'mawa tsiku lomwelo.

Dzuwa lomwelo ndi loti musamale nalo. Mu Okutobala batire litakhala pamtetete m'boti masana onse linakana kutchaja mpaka litazizira, poti mabatire amenewa safuna kutchajidwa akatentha kupitirira madigiri 45. Tinalipangira bokosi lapulasitiki lokhala ndi mthunzi, lomangidwa ndi malamba kuti lisamagubuduke mafunde akakula, ndipo linakwezedwa pang'ono kuti madzi a pansi pa boti asafike pa mitu ya batire yomangapo mawaya.

Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti m'katoni munalibe fyuzi. Batire lotere waya akagundana limatulutsa moto woti n'kusungunula sipanala, ndipo kudalira BMS yokha pamadzi sindingavomere. Ndinagula buleka ya 60A, yomwe imadula magetsi akachuluka ngati fyuzi, n'kuimanga pafupi penipeni ndi positivi, mawaya n'kuika onenepa. Mitu ndimaipukuta ndi kuimanganso ulendo uliwonse, chifukwa womasuka umatentha.

Batire ndikulipatsa nyenyezi zinayi, kamita zisanu. Mtengo wake ndi wowawa, koma chigulireni sitinaimenso pamzere wa petulo chifukwa cha boti. Nkhafi ziwiri ndi majekete oyandamitsa sizichoka m'botimo, ndipo mwana uja anayambanso kukwera nafe mwezi watha, ntchito yake n'kugwira foni ndi kumatiwerengera maperesenti.