Zikombole zoumbira zigaza za shuga, ndemanga yanga titagwiritsa ntchito ndi ana

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Ndalemba mu Chichewa dala chifukwa ndikudziwa tilipo ambiri kuno ku Texas amene ana athu Okutobala akamatha amabwera kuchokera kusukulu ndi nkhani ya Día de Muertos, mwambo wa anthu a ku Mexico wokumbukira akufa womwe amaumbira zigaza za shuga, ndiye ife makolo timangoti kakasi, ena mpaka kuwaletsa ana kuti asakhudzeko ati ndi zaufiti. Seti imeneyi ndinaitanitsa pa intaneti, mtengo wake si woboola mthumba ayi. Mkatimo muli zikombole za pulasitiki, zina za zigaza zazing'ono za nkhope yokha kumbuyo kwake kosalala, china chachikulu cha mbali ziwiri nkhope ndi nkhongo, kenako kapaketi ka meringue powder (ufa wa zoyera za mazira zoumitsa), timatumba tofinyira icing, timabotolo ta makala (utoto wamitundumitundu), timapepala tonyezimira ndi pepala la malangizo. Shuga mulibe, ameneyo mugula nokha ndipo mugule wambiri chifukwa ana akayamba safuna kusiya.

Kaumbidwe kake nkosavuta olo pang'ono. Kapu imodzi ya shuga wamba woyera uja, sipuni yaing'ono imodzi ya meringue powder, sipuni yaing'ono imodzi ya madzi, basi. Madziwo amaoneka ngati achepa kwambiri ndiye mtima umafuna kuwonjezera koma musatero, ingosakanizani ndi manja mpaka shuga yense amveke ngati mchenga wonyowa wa m'mbali mwa nyanja ku Salima, ukafumbata n'kutambasula dzanja zala zako zizioneka pamenepo. Mukatero mumadzaza mchikombole n'kutsendera zolimba makamaka m'maso ndi m'mano muja, kupala kumbuyo ndi mpeni kuti kusalale, kuika kakatoni pamwamba n'kutembenuza. Chikombole mumangochinyamula pang'onopang'ono chigaza n'kutsala pakatoni chili gwa. Chomwe ndinakonda kwambiri nchoti chikasweka palibe choluza, mumangobwezera shugayo m'mbale n'kuyambiranso, ndiye wamng'ono wanga wa zaka 5 amene sachedwa kulira zinthu zikamukanika apa ankangoseka n'kubwereza. Wamkulu ali ndi zaka 9 ndipo ameneyo anatha kupanga zonse yekha kupatula chachikulu chija.

Zazing'ono zimauma usiku umodzi. Chachikulu chimafuna munthu wamkulu, pakadutsa maola 5 kapena 6 kunja kwake kukayamba kulimba mumachinyamula n'kukumba mkati ndi sipuni kusiya khoma lochindikala ngati chala, mukapanda kutero mkatimo simuuma bwino. Shuga mwakumbayo musataye amaumbanso zina. Mbali ziwirizo zikauma mumazimata ndi icing wolimba uja wopangidwa ndi icing sugar, meringue powder ndi madzi pang'ono, akauma amagwira zedi. Zikombole zenizenizo ndilibe nazo chifukwa, mano ndi mphuno zimatuluka bwinobwino ndipo shuga sakakamira mukamapukuta chikombole pakati pakati.

Tsopano pomwe yachokera nyenyezi imodzi ija. Meringue powder amene amaika ndi wochepa, amakwanira kuumbira koma mukafika pa icing watha, ndiye muyitanitsiretu wina wapadera kapena mukagule komwe amagulitsa zopangira makeke. Timatumba tofinyira nato ndi topyapyala, mwana akafinya ndi mphamvu zake zonse monga amachitira ana kamaphulika m'mbali icing mbwee patebulo, ife tinasinthira timatumba tosungira zakudya mufiriji tija n'kudula kakona. Pepala la malangizo silinena chilichonse za chinyontho pomwe imeneyo ndiye nkhani yaikulu. Aneba athu ndi amene anandichenjeza kuti tsiku la mvula kapena kukakhala chinyezi musaumbe, shuga amakoka madzi a mumpweya ndiye chigaza sichiuma chimangofumbutuka, ndipo kuno ku Houston chinyezi ndi cha tsiku ndi tsiku ndiye muumitsire mnyumba momwe muli AC osati mugalaja. Chinanso, meringue powder ndi zoyera za mazira zoumitsa, amene ana anu sayanjana ndi mazira dziwani zimenezo chifukwa ana amanyambita zala mukufuna musafune.

Koma chomwe chinandipweteka mtima kwenikweni ndi katoni yake ndi pepala lija. Pakatoni ajambulapo mileme ndi maungu a Halloween, ndipo mupepalamo mulibe olo chiganizo chimodzi chonena kuti zigazazi ndi za chani, ndi za ndani, anthu a ku Mexico amapangiranji. Munthu amene sakudziwa agula n'kuganiza kuti ndi zoopsezera ana, ndipo ndi chifukwa chake makolo ambiri achimalawi amazikana. Chikhalirecho ndi mwambo wa anthu wokumbukira abale awo amene anatisiya, wolemekezeka mpaka UNESCO inaulemba mu 2008 pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse, chaka chomwecho Gule Wamkulu wathu analowanso pa mndandanda womwewo. Wogulitsa akudyera mwambo wa eni ake osaufotokoza n'komwe, zimenezo ine sindinazikonde.

Mwayi wathu ndi aneba omwe aja, mayi achikulire ochokera ku Mexico, dera la Michoacán kufupi ndi tauni ya Pátzcuaro, ana anga amawaitana kuti abuela, kutanthauza agogo aakazi. Tsiku lokongoletsa ndinawapempha kuti abwere ndipo zomwe anawauza ana pa tebulo paja ndi zomwe zinayenera kukhala mupepala lija. Anati pa 1 Novembala amakumbukira ana amene anamwalira, angelitos, ndipo pa 2 Novembala akuluakulu. Kunyumba amakonza tebulo lotchedwa ofrenda, amaikapo zithunzi za malemu, makandulo, madzi akumwa, mchere, buledi wake wapadera pan de muerto, chakudya chomwe munthuyo ankakonda ali moyo, ndi maluwa a olenje a cempasúchil amene fungo lake amati limawalondolera njira yobwerera kwawo. Kwawo kuja mabanja amakakonza manda n'kuchezera komweko usiku wonse ndi makandulo, ana omwe ali pomwepo. Chigaza cha shuga amachilemba dzina pachipumi, pena la malemu pena la mnzako wamoyo ngati mphatso, ndipo amachikongoletsa ndi makala owala chifukwa akukumbukira moyo wa munthuyo, sakuopseza aliyense. Anatiuzanso kuti akatswiri ake enieni saumba ngati ifeyo, amawiritsa shuga n'kuthira m'zikombole za dothi chigaza n'kutuluka chopanda kanthu mkati, ndipo mumzinda wa Toluca ku Mexico konko chaka ndi chaka mu Okutobala kumakhala msika waukulu wa zimenezi wotchedwa Feria del Alfeñique. Nzimbe zinabwera ndi anthu a ku Spain atalanda dzikolo m'zaka za m'ma 1500, zisanafike Aaziteki, anthu akale a kumeneko, ankaumba tizifanizo ndi njere za amaranth, mbewu ya banja la bonongwe wathu yemweyu, ndipo mpaka pano zigaza za njere zimenezo amagulitsa pamodzi ndi za shuga ndi za chokoleti. Ana anga atamva za bonongwe anakuwa chifukwa amamudziwa, timalima kuseri kwa nyumba.

Pofika polemba mayina wamkulu uja anandifunsa kuti amami ine ndilembe ndani, ndipo ndisanayankhe anati ndilemba agogo aamuna. Bambo anga anamwalira iye ali wakhanda, sanawaonepo, chomwe amadziwa ndi chithunzi chimodzi chili pabalaza. Anatenga icing wa buluu n'kulemba AGOGO pachipumi zilembo zokhotakhota G wachiwiri kutsetserekera m'diso, kenako anayamba mafunso, ankakonda kudya chani, ankaseka bwanji, anali aatali ngati amalume? Ndinakhala pansi n'kuyankha limodzi limodzi ndipo ndinazindikira kuti mwanayu zonsezi anali nazo mumtima kalekale koma panalibe pofunsira. Kwathu mukudziwa mmene timachitira, mwana sapita kumanda wamba, munthu akamwalira timalira, timadzakumananso povundukula chiliza, kenako dzina lake limangotsala kuti malemu ndipo pamaso pa ana sitilitchulatchula. Kumudzi sizivuta kwambiri chifukwa mwana amamva nkhani kwa azakhali, amaona munda womwe agogo ankalima, amaona mtengo wa mango womwe anadzala. Koma ana obadwira kuno alibe zonsezo, tikangokhala chete ife makolo ndiye kuti agogo awo atheratu.

Madzulo ake tinaimbira amayi anga pa WhatsApp, ataona zigaza patebulo nkhope inasintha, anati iwe zimenezo ndi zachani mnyumba ya munthu wopemphera. Mdzukulu wawo ananyamula chake chija n'kuchiyandikiza pa kamera kuti agogo taonani ndalemba agogo aamuna. Amayi anakhala kaye duu kenako anayamba kufotokoza okha mmene bambo ankamwera tiyi wopanda mkaka ndi chinangwa chophika m'mamawa uliwonse asanakwere njinga, ndi mmene ankaimbira mluzu akamafika pakhomo, zinthu zoti inenso ndinali nditayamba kuiwala. Ana anathamanga kukapanga tiyi n'kuika pafupi ndi chithunzi. Sindinganame kuti amayi anagwirizana nazo zonse, za zigazazo mpaka pano akuti sizikuwasangalatsa, koma anacheza ndi adzukulu awo za amuna awo kwa nthawi yaitali koyamba chimwalirireni bambo.

Za chipembedzo aliyense aone yekha ndi banja lake, ine sindikakamiza munthu. Ndine Mkatolika ndipo pa 1 Novembala timachita chaka cha Oyera Onse, pa 2 timapempherera onse amene anamwalira, ndiye kwa ine masiku ake ndi omwewo ndipo sindinaone chotsutsana. Sitinapange ofrenda yonse ngati ya aneba chifukwa mwambowo ndi wawo ndipo sindinafune kungotengera zomwe sindikuzimvetsa mpaka pansi, ife tinaika chithunzi, kandulo, maluwa, tiyi uja ndi zigaza za ana, tinapemphera basi. Amene mpingo wanu sulola zoika chakudya mutha kungoumba, kulemba mayina n'kufotokozera ana za anthuwo komanso za anzawo a ku Mexico amene amakhala nawo m'kalasi tsiku ndi tsiku. Chomwe ndingapemphe nchoti ngati muli ndi neba kapena mnzanu wa kuntchito wochokera kumeneko muitaneni, musadalire pepala la mukatoni.

Zina zoti mudziwe musanagule. Ana osakwana zaka 4 ndi bwino angothandiza kusakaniza shuga, timapepala tonyezimira tija ndi tating'ono atha kumeza. Makala amathimbirira zala ndi zovala makamaka ofiira ndi akuda ndiye avale malaya akale, patebulo muyale nyuzi kapena pulasitiki. Zigazazo zikakongoletsedwa si zodya ngakhale ndi shuga, zagwiridwa ndi manja ambiri ndipo zikauma zimalimba zoti mwana atha kuthyola dzino, ife tinagula pan de muerto kubekale ya anthu a ku Mexico kuti pakhale chodya. Nyerere zimabwera mukasiya nyenyeswa za shuga pansi ndiye sesani mukangomaliza. Mukafuna kusunga zigaza mpaka chaka chamawa ikani mukatoni pamalo ouma osati mufiriji. Zikombole mutsuke pamanja ndi madzi ofunda n'kuumitsa bwino musanazisunge, mu dishwasher musaike chifukwa pulasitiki yake ndi yopyapyala ipindika ndi moto. Kwa ogulitsa, chonde wonjezerani meringue powder, chotsani mileme pakatoni ndipo pezani munthu wa ku Mexico akulembereni tsamba limodzi lofotokoza mwambowu, mukatero ndidzabwera kudzasintha nyenyezi zikhale 5.