Ma CD 40 a kwaya yathu, onse akungoti "Track 01"

Amene mukufuna kukabenetsa nyimbo pa kashopu kaja ka kufupi ndi depoti ya Kasungu, kamene kamakhala ndi sipika yaikulu pakhomo, werengani kaye izi musanatulutse ndalama. Ine ndine mlembi wa kwaya ya amayi kumpingo kwathu, njira ya ku Mtunthama. Tinajambula nyimbo zathuzathu 11 ku situdiyo ku Lilongwe, ndipo tinkafuna ma CD 40 oti tigulitse pa Paper Sunday. Mtengo wobenetsera unali K1,500 imodzi pamodzi ndi kabokosi kake, ndipo za mtengozo sindikudandaula ayi.

Ndinapita ndi fulashi ndi pepala limene ndinalembapo mayina a nyimbo zonse mwa ndondomeko yake. Ndinamuuza mnyamata wa pakompyuta momveka bwino kuti, "Achimwene, mayinawa ndikufuna azioneka pa wailesi ya m'galimoto nyimbo ikamalira." Iye maso ali pafoni, anangoti, "Zazing'ono zimenezo mayi, musadere nkhawa." Atabena yoyamba anaibwezeranso m'kompyuta momwemo, mayina onse n'kuoneka pasikirini. Ndinalipira mtima uli m'malo.

Loweruka madzulo ndinapereka CD imodzi kwa abusa kuti aimve m'Sienta yawo. Wailesi inangolemba "Track 01". Tinaika yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu, chimodzimodzi. Amayi busa anandifunsa mwaulemu wawo uja, "Kodi amlembi, ya chiukitso ija ndi Track chani?" Ine amene ndinali nditalengeza kale pa pulakatisi kuti ma CD athu atuluka ngati a m'shopu. Manyazi ake ndinasowa poika nkhope.

Lolemba m'mawa ndinali pakhomo asanatsegule n'komwe. Mnyamata uja sanandipatse ngakhale mpando. Anatenga CD, naika m'kompyuta yake, natembenuzira sikirini kwa ine: "Si awa mayina, mayi? Vuto ndi galimoto yanuyo." Nditati tiyeni tikayese m'galimoto ina iliyonse pasiteji, anaseka n'kuuza mnzake kuti azimayi a kutchalitchi za makompyuta sazidziwa. Ndili pomwepo! Mwana woti ndingathe kumubereka. Ndinapsa mtima moti anthu ogula mayunitsi pabenchi ya pafupi anayamba kusuzumira.

Chinandiziziritsa ndi kubwera kwa eni shopu, bambo wachikulire ndithu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Mayi, mwanayu walakwa, koma bwerani muone pamene walakwira." Anandifotokozera kuti CD wamba ya nyimbo imasunga mawu ndi manambala a nyimbo basi, mayina mulibe. Kompyuta ija imaonetsa mayina chifukwa ndi yomwe inabena, ndiye imangokumbukira. Ma CD a oimba otchuka nawo kompyuta imakafunsa mayina ake pa intaneti, kumalo ngati Gracenote, komwe kwaya ya amayi a ku Kasungu kulibeko. Kuti mayina akhale m'CD mwenimwenimo pamafunika chinthu chotchedwa CD-Text, chimene chinayamba mu 1996. Chimalembedwa koyambirira kwa CD pa nthawi yobena yomweyo, ndipo CD yonse iyenera kubenedwa ulendo umodzi, zimene pulogalamu imazitcha Disc-at-Once. Anatsegula Nero, pulogalamu yobenera ma CD, n'kundilozera kabokosi kakang'ono kamene mnyamata uja sanachonge. Kabokosi kamodzi! Ndinafunsa ngati angawonjezere mayinawo pa ma CD 40 aja. Anapukusa mutu: "CD-R ikatsekedwa yatsekedwa, mayi. Madzi akatayika saoleka."

Analemba okha mayina 11 aja, limodzilimodzi kuchokera papepala langa, nabena CD imodzi pa liwiro lotsika, ndipo tinayenda wapansi mpaka pamene abusa anaimika galimoto. Dzina la nyimbo yoyamba linayamba kuyenda pa kagalasi ka wailesi. Ndinaomba m'manja ngati mwana. Kokha pa nyimbo yathu yopempherera dziko, pamene ndinalemba Malaŵi ndi kachipewa kake, panatuluka chizindikiro cha funso. Akuti zilembo zimene CD-Text imagwiritsa ntchito zilibe ŵ, choncho lembani w wamba. Mayina atali nawonso mawailesi ena amawadula, ndiye tinafupikitsa awiri.

Apa ndinene chilungamo, ngakhale mtima sukufuna. Mnyamata uja sananame zonse. Bambowo anandichenjeza kuti si wailesi iliyonse imene imawerenga CD-Text, ndipo zinalidi choncho: CD yatsopano yomweyo m'Probox ya alamu anga inangoti "Track 01", DVD ya kunyumba nayonso chimodzimodzi. Anati njira ina ndi kubena ngati MP3, poti pamenepo mayina amakhala m'mafayilo momwemo, koma mawailesi akale a CD amene amayi ambiri a kumpingo ali nawo sangaiimbe. Tinakhala pa CD wamba.

Anandibenera ma CD 20 mwaulere, ena 20 tinagawana mtengo pakati, ndipo anasindikiza mndandanda wa nyimbo pa chikuto chilichonse osandilipiritsa. Akale aja tinawagulitsa motchipa kwa amene amamvera pa DVD. Mawu ake ali bwino, palibe imene yadumpha kapena kukakamira.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo zonse zitatu ndi za bambo aja. Mukapitako funsani eni ake, tchulani mawu akuti CD-Text, ndipo yesani CD imodzi m'galimoto asanabene zotsalazo. Mnyamata uja ndinakumana naye dzana pamsika, anayang'ana kumbali. Pepani wake ndikumudikirabe.