Tchati, magawo kapena C1V1 = C2V2: njira zowerengera posungunula klorini

Chiyambireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unasautsa kwambiri boma lathu la Mangochi, kusungunula klorini ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa alangizi a zaumoyo, anamwino ndi osamalira m'mawodi. Chomwe chimasokoneza ambiri ndi miyeso, chifukwa pa chitini cha ufa wa klorini wotchedwa HTH amalembapo 65 kapena 70 peresenti, pa botolo la Jik amalembapo 3.5 peresenti, malangizo a madzi akumwa amatchula mamiligalamu pa lita, pamene ife m'manja mwathu muli chigubu cha malita 20, supuni ndi sirinji.

Tchati chomata pakhoma ndicho chimene ambiri timayamba nacho. Chimatiuza kuti magalamu 30 a HTH pa lita imodzi amapereka 2 peresenti yothira pa masanzi, pa chimbudzi cha wodwala ndi pa mtembo, magalamu 3 amapereka 0.2 peresenti yokolopera pansi ndi kupukutira mabedi, ndipo magalamu 0.7 amapereka 0.05 peresenti yosambira m'manja. Kwa munthu amene wachezera usiku wonse ndi odwala, tchati ndi chothandiza ndithu. Koma chimatha ntchito ufa ukangotha n'kubwera Jik, ndipo supuni yodzaza mpaka kutumphuka siifanana ndi supuni yosalazidwa pamwamba imene olemba tchati ankatanthauza.

Njira ya magawo imagwira pa mankhwala amadzi okha. Mumagawa mphamvu yolembedwa pa botolo ndi mphamvu imene mukufuna, kenako n'kuchotsapo 1. Pofuna 0.5 peresenti kuchokera ku Jik wa 3.5 peresenti, 3.5 kugawa ndi 0.5 ndi 7, kuchotsa 1 kutsala 6, kutanthauza kapu imodzi ya Jik ndi makapu 6 a madzi. Ubwino wake ndi woti kapu iliyonse imagwira ntchito malinga ikhale yomweyo, choncho kumadera akutali monga ku Makanjira, komwe sikelo siipezeka paliponse, njirayi ndi yodalirika. Ikafika pa 0.05 peresenti imafuna makapu 69 a madzi, ndipo powerenga makapu ochuluka chotero munthu amasokonezeka msanga.

Ine ndimakonda C1V1 = C2V2, ngakhale kuti imafuna pepala kapena foni. Mphamvu ya mankhwala amene muli nawo kuchulukitsa ndi kuchuluka kumene mutungepo kumafanana ndi mphamvu imene mukufuna kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa zonse zimene mukukonza. Pa malita 20 a 0.05 peresenti, 0.05 kuchulukitsa ndi 20 kugawa ndi 3.5 kumapereka malita 0.286, omwe ndi mamililita 286 a Jik. Mumathira Jik m'chigubu, n'kuonjezera madzi mpaka zonse pamodzi zikwane malita 20.

Njirayi ili ndi lamulo limodzi losayenera kuphwanyidwa: mbali zonse ziwiri zikhale m'muyeso umodzi. Apa m'pamene ndikupempha anzanga kuti tisunge pamtima kuti 1 peresenti ndi magalamu 10 pa lita, omwe ndi mamiligalamu 10,000 pa lita, kapena kuti 10,000 ppm (magawo 10,000 pa miliyoni). Zikatero, 0.5 peresenti ndi mamiligalamu 5,000 pa lita, pamene klorini wotsalira m'madzi akumwa ayenera kukhala pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita. Manambala awiriwa onse amalembedwa 0.5, koma loyambalo limaposa lachiwirilo kokwana 10,000, ndipo munthu wowasokoneza akhoza kumwetsa banja mankhwala amphamvu kuposa okolopera pansi. Tchati ndi njira ya magawo sizithandiza pa malo amenewa, chifukwa sizionetsa poyera kuti muyeso wasintha.

Tiyerekeze kuti mukufuna kuthira mamiligalamu 2 pa lita m'chigubu cha malita 20 cha madzi akumwa. Poyamba mumakonza mankhwala a 1 peresenti, omwe amafuna magalamu 10 kugawa ndi 0.7, pafupifupi magalamu 14 mpaka 15 a ufa wa 70 peresenti pa lita. Kenako 2 kuchulukitsa ndi 20 kugawa ndi 10,000 kumapereka malita 0.004, omwe ndi mamililita 4 otunga ndi sirinji. Pakatha mphindi 30 muyenera kuyeza klorini wotsalira, popeza madzi a m'nyanja kapena a mu Shire akakhala amatope amadya klorini wambiri. Madzi oterewa ayambe adikha kapena asefedwe.

Palibe njira mwa zitatuzi imene ingakonze mankhwala ofooka. Kutentha kwa kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumachepetsa mphamvu ya Jik wosiyidwa padzuwa, kotero kuti 3.5 ya pa botolo siikhalanso yoona. Sungani mankhwala pamthunzi m'chotengera chotseka bwino, konzani a 0.05 ndi a 0.2 peresenti tsiku lililonse, ndipo pa chigubu lembanipo mphamvu, muyeso wake ndi tsiku limene mwasungunula.