Adapta yomangira kamera yaing'ono pa telesikopu, ndi yabwino koma imafuna kudekha

Kwa amene mukufuna kuyamba kujambula zakumwamba koma mulibe kamera zikuluzikulu zija, adapta iyi ndi poyambira pabwino ndithu. Ndi kachitsulo chabe, mbali ina mumamanga pa eyepiece (kagalasi kosuzumirapo) ya telesikopu, inayo mumakhazikapo kamera yanu ya m'thumba ija, lenzi yake nkumasuzumira pomwe diso lanu likanasuzumira, basi.

Pojambula mwezi ndiye ndaikonda zedi. Pa kamera ikani ISO (mulingo wa momwe kamera imamvera kuwala) pa 100, shutter (nthawi yomwe kamera imatseguka kuti kuwala kulowe) pa 1/125 kapena 1/250 ya sekondi, flash muzimitse, ndipo chonde musamadine batani ndi chala, gwiritsani timer ya masekondi 2 kapena 10 coz telesikopu ikangogwedezeka pang'ono chithunzi chonse chimawonongeka. Mwezi ukakhala theka mpomwe maenje ake amaoneka bwinobwino chifukwa cha mithunzi, ukakhala wathunthu umangowala mbee, maenje aja osaonekanso. Jupiter nayenso amatheka limodzi ndi miyezi yake inayi yomwe Galileo anaiona mu 1610, ngakhale imangotuluka ngati timadontho, koma mtima umasangalala mwee!

Chomwe chimanditopetsa nkulunjikitsa lenzi kuti ikhale pakati penipeni, ikaphonya pang'ono mumaona mdima m'mbali monse, muchite zoom pang'ono zimathandiza. Komanso poti dziko likuzungulira, mukamalimbana ndi masikuluwu a adaptayi mupeza chomwe mumajambula chija chatuluka kale mu eyepiece.

Milalang'amba ndi zina zosawala kwambiri muzisiye kaye, kamera yaing'ono zimaivuta. Dzuwa musaliloze popanda fyuluta yake yeniyeni, lingakuwonongereni maso ndi kamera yomwe.