Famu ya ng'ombe ku Pantanal: mahatchi ndi mbalame zilipo, koma jaguar ali kwina

Nyenyezi 4 mwa 5. Ndemangayi ndi ya ulendo wa masiku anayi pa famu ya ng'ombe yolandiranso alendo, m'dambo lalikulu la Pantanal, m'mbali mwa msewu wa Transpantaneira ku Mato Grosso, Brazil.

Kuchoka mumzinda wa Cuiabá kufika m'tauni ya Poconé, pamene msewuwu umayambira, ndi makilomita pafupifupi 100 a tala. Kupitirira apo ndi fumbi, makilomita oposa 140 mpaka ku Porto Jofre, ndipo milatho ndi yoposa 100, ina yamatabwa. Thirani mafuta odzaza ku Poconé, musadalire kuwapeza kutsogolo. Pa mlatho wamatabwa woyendetsa ayambe waona ngati matabwa oyendapo matayala ali bwino. Nthawi yabwino ndi Julayi mpaka Okutobala, madzi ataphwa; nyengo ya mvula mbali yaikulu ya dambo imasefukira ndipo msewu umasanduka matope.

Chokoma kwambiri ndi kutsagana ndi abusa. Amadzuka kusanache, mahatchi amamangidwa zishalo zoyalidwa chikopa cha nkhosa, ndipo mlendo amapita nawo kukaona ng'ombe zoyera za linunda, mtundu wa Nelore, ndi kukathira mchere m'zodyeramo. Hatchi ya kuno, pantaneiro, ndi yaifupi, ziboda zake zimapirira kukhala m'madzi, ndipo imadutsa m'dambo lofika m'mimba osachita mantha. Ubwino wina ndi wakuti nyama sizithawa munthu wa pa hatchi monga zithawira woyenda pansi. Capybara, yooneka ngati ntchenzi koma yolemera makilogalamu 50, mumaiyandikira kwambiri. Ng'ona zazing'ono za jacaré zimaunjikana pa zithaphwi zotsala, ndipo dokowe wa khosi lofiira, tuiuiú, amakhala pompo akutola nsomba. Zinkhwe zazikulu zabuluu zimabwera pa migwalangwa ya pafupi ndi nyumba m'mawa. Amene sanakwerepo hatchi asapitirire maola awiri tsiku loyamba, apo ayi mawa lake ntchafu zimakana kuyenda.

Nyenyezi imodzi yachotsedwa pa nkhani ya jaguar, chilombo chamawanga chonga kambuku. Chithunzi chake chili patsogolo pa malonda, koma pa mafamu a kufupi ndi Poconé kumuona ndi mwayi chabe. Jaguar amaoneka kuchokera m'bwato la injini, pa mtsinje wa Cuiabá ndi wa Três Irmãos kufupi ndi Porto Jofre, kumene amayenda m'gombe posaka jacaré. Kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo kumadya maola ambiri pamsewu, mumafika dzuwa litakwera, ndipo bwato limalipiridwa padera. Wofuna jaguar agone ku Porto Jofre masiku awiri. Akatumbu akuluakulu nawonso ali komweko.

Nkhupakupa zazing'ono zimakwera kuchokera m'udzu wouma: lowetsani thalauza m'sokosi ndipo muzidzifufuza madzulo aliwonse. Fumbi limalowa mu kamera, musasinthe magalasi ake muli m'galimoto yosatseka. Mphepo yozizira yochokera kummwera imatha kufika mwadzidzidzi mu Julayi, tsono juzi isatsale. Katemera wa yellow fever bayitsani kusanatsale masiku 10 kuti munyamuke.

Chakudya ndi chokhutitsa: mpunga wophikidwa pamodzi ndi nyama yofutsa, nyemba ndi chinangwa. Abusa amamwa tereré, masamba a chomera chotchedwa mate oviikidwa m'madzi ozizira, m'nyanga ya ng'ombe imodzi yopatsirana. Amalankhula Chipwitikizi chokha, choncho funsani musanalipire ngati wotsogolera wolankhula Chingerezi ali mu mtengowo.