Kulembetsa motorhome ku California ndi ku Montana: kusiyana kwake

Ku America, galimoto zikuluzikulu zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati, zomwe amati motorhome, zimalembetsedwa m'chigawo chomwe mwiniwake amakhala, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mitengo yakeyake.

California imayang'ana mtengo wa galimoto. Pogula mumadulidwa msonkho wosachepera 7.25 peresenti, kenako chaka chilichonse mumalipira 0.65 peresenti ya mtengo wake kuphatikiza ndalama zina za DMV, nthambi ya boma yolembetsa galimoto. Motero motorhome ya $100,000 imakudyerani ndalama zosachepera $7,250 pa tsiku logula, ndi $650 ina chaka choyamba. Ndalama ya pachakayi imatsika galimoto ikamakalamba, koma pang'onopang'ono.

Montana ilibe msonkho wa pogula. Ndalama yolembetsera imadalira zaka za galimoto: yatsopano imalipira zambiri, yakale zochepa, ndipo ikafika zaka 11 mutha kuilembetsa kamodzi kokha basi, osabweranso.

Kutchipa kumeneku n'komwe kumakopa anthu a zigawo zina kutsegula kampani yaing'ono, LLC, ku Montana kuti galimoto ilembedwe m'dzina lake. Apa m'pofunika kusamala. Munthu wa ku California akagula galimoto kunja n'kuilowetsa kwawo miyezi 12 isanathe, boma limaiona ngati yogwiritsidwa ntchito komweko, ndipo msonkho uja limaufunabe.

Kwa amene amakhaladi ku Montana, phindu n'loonekeratu. Kwa woimika galimoto pakhomo ku Los Angeles, mzinda wa ku California, nambala ya Montana ingomuitanira mavuto.